Ndalama za Kalabu ya Maloboti: Mawu kwa Aphunzitsi, Makolo ndi Ophunzira a ku Mchinji

 

Nkhani yomwe ndabwera nayo ndi ya ndalama. Ndikudziwa kuti inu ana mukadakonda tikadakamba za mawaya, mamota ndi mapulogalamu a pakompyuta, pakuti ndi zomwe zimakudumphitsani mtima mukamva za maloboti. Koma kalabu ya sayansi siifa chifukwa choti ana alephera kulumikiza waya. Imafa batire ikatha pomwe yogulira ina palibe. Imafa makolo akayamba kunong'onezana kuti ndalama zomwe adasonkha zidalowera kuti. Imafanso mphunzitsi amene ankasunga zonse m'mutu mwake akasamutsidwa kupita ku sukulu ina. Chomwe ndikufuna mutenge lero n'chakuti kalabu ya maloboti iyenera kukhala ndi buku la ndalama kuyambira tsiku loyamba, ndipo olemba bukulo akhale ana eniake, poyera, aliyense akuona.

Tiyambire kwa anansi athu a ku Kasungu. William Kamkwamba wa m'mudzi wa Masitala, ku Wimbe, adasiya sukulu ya sekondale pa nthawi ya njala ya 2001 ndi 2002 chifukwa makolo ake adalephera kumulipirira fizi. Mu laibulale yaing'ono ya kwawo adapeza buku lotchedwa Using Energy, ndipo mu 2002 adaimika makina oyendera mphepo omwe adayatsa magetsi panyumba pawo. Ambiri timadziwa kuti adagwiritsa ntchito zotola: fani ya thirakitala, mapaipi a pulasitiki, njinga yakale ya bambo ake ndi mitengo ya bulugamu. Koma padali chipangizo chimodzi chomwe sichikadatoledwa kudzala, dainamo ya njinga, ndipo chinkafuna ndalama yomwe iye adalibe. Amene adamugulira ndi mnzake Gilbert, mwana wa mfumu ya m'deralo. Atolankhani adafika mu 2006. Ku msonkhano wa TED ku Arusha adapita mu 2007, buku la mbiri yake lidatuluka mu 2009, filimu mu 2019. Onani dongosolo lake. Ndalama yoyamba idatuluka m'thumba la munthu wa m'mudzi momwemo, ndipo thandizo lakutali lidabwera patapita zaka, anthu ataona chinthu chikuzungulira. Ife timakonda kuyambira kumapeto: timalemba makalata opempha kwa azungu tisanamange ngakhale kagalimoto koyenda ndi batire.

Tsono musanapemphe tambala kwa munthu, khalani pansi mugwirizane chomwe mukufuna kupanga chaka chino. Chimodzi chokha. Mukachidziwa, bajeti imadzilemba yokha, chifukwa chinthu chilichonse chofunika chili ndi dzina ndi mtengo. Pali zipangizo zomwe mukagula kamodzi zimakhalitsa: chowotcherera mawaya, mita yoyezera mphamvu ya magetsi, mapulayala, masukuludiraiva, laputopu, ndi timabolodi ta Arduino tomwe timakhala ngati ubongo wa loboti. Arduino idayambira mu tauni ya Ivrea ku Italy mu 2005, ndipo eniake adalola kuti aliyense aone kapangidwe kake n'kupanga yake, n'chifukwa chake imapezeka pa mtengo woti sukulu ngati zathu zingaufikire. Ndiye pali zinthu zomwe zimatha tsiku ndi tsiku: mabatire, mtovu wowotcherera, guluu, mawaya ang'onoang'ono, bandulo ya intaneti. Izi n'zomwe makalabu amaiwala polemba bajeti, ndipo n'zomwe zimaimitsa ntchito pakati pa teremu. Ngati sukulu yanu ilibe magetsi a ESCOM, chinthu choyamba pa bajeti chikhale sola ndi batire yake, maloboti abwere pambuyo.

Aphunzitsi, pano ndiime pang'ono. Ana adzawotcha zipangizo. Mwana adzalumikiza waya mozondoka, kautsi n'kutuluka, sensa n'kufa. Zimenezi ziikeni mu bajeti nthawi isanakwane, ngati mtengo wa kuphunzira. Mukamukalipira mwana uja pamaso pa anzake kapena kutumiza uthenga kwa makolo ake kuti alipire, mawa palibe adzakhudze chipangizo chilichonse, ndipo atsikana, omwe ambiri amafika pa tebulo ali kale ndi mantha oti izi n'za anyamata, ndi omwe adzayambe kubwerera m'mbuyo. Mudzatsala ndi bokosi la zipangizo zonyezimira lotsekeredwa mu ofesi, likungotulutsidwa alendo akabwera. Ndalama yomwe idagula bokosi lotero ndi ndalama yotayika, ngakhale malisiti ake onse alipo.

Pali vuto lina lomwe silichokera kwa ife koma limatipeza. Pafupifupi chipangizo chilichonse cha loboti chimachokera kunja, ndipo mtengo wake umatsata dola. Mu Meyi 2022 Reserve Bank of Malawi idatsitsa mphamvu ya kwacha ndi 25 peresenti. Mu Novembala 2023 idaitsitsanso ndi 44 peresenti, dola yomwe inali pafupifupi K1,180 n'kufika pa K1,700. Tiwerengere limodzi. Kalabu yomwe ikadakhala itasunga K1,180,000 inali ndi ndalama yokwana madola 1,000 madzulo, koma kutacha inali ndi madola osakwana 700. Palibe adaba, bokosi silidatsegulidwe, koma gawo lalikulu la thukuta la makolo lidapita. Choncho kalabu ya maloboti isamaunjike kwacha kwa miyezi yambiri podikira kuti ikwane kugulira zonse pa kamodzi. Ndalama ikakwana chinthu chimodzi chomwe chili pa bajeti, gulani chinthucho, chilembedwe, chilowe m'kabati. Komanso polemba kalata yopempha thandizo, ikani tsiku lomwe mudafunsa mitengoyo, kuti wothandizayo akachedwa miyezi itatu asadabwe mukamuuza kuti yakwera.

Ife a ku Mchinji tili ndi mwayi womwe maboma ena alibe. Lilongwe ali pa mtunda wa makilomita pafupifupi 110 pa msewu wa M12, ndipo Chipata ali pafupi kuposa pamenepo. Kuyambira mu Disembala 2022, pomwe atsogoleri a Malawi ndi Zambia adatsegula chipata chogwirira ntchito pamodzi cha Mchinji ndi Mwami, zoona zamalire zimachitikira pa malo amodzi. Tingathe kufunsa mitengo mbali zonse ziwiri tisanagule. Koma mwayi womwewu uli ndi msampha wake. Tonse tikudziwa njira zachidule zodutsa m'minda, tikudziwanso anyamata osintha ndalama pamsewu. Munthu payekha amasankha yekha, koma ndalama ya ana isadutse kumeneko. Wosintha ndalama pamsewu sapereka lisiti, ndipo ndalama yopanda pepala ndiyo imabala mphekesera. Mphunzitsi woona mtima akhoza kuipitsidwa mbiri moyo wake wonse chifukwa cholephera kusonyeza kuti kwacha ya Malawi adaisintha pa mtengo wanji kukhala kwacha ya Zambia. Katundu adutse pachipata, ndipo musanaitanitse chilichonse kuchokera kunja pitani kaye ku ofesi ya MRA mukafunse msonkho wake, kuti nawonso ulowe mu bajeti. Phukusi la mphatso likhoza kukhala miyezi lisanaomboledwe chifukwa palibe adaganizira za msonkho.

Musaiwale kuti zina sizifuna dola. Akonza mafoni ndi mawailesi pa boma, pa Kamwendo, pa Mkanda ndi pa Kapiri ali ndi milu ya zinthu zakufa zomwe mkati mwake muli mamota, masiwichi ndi mawaya amoyo. Makina akale osindikizira mapepala ali ndi mamota abwino kwambiri. Owotcherera zitsulo angakupangireni chimango cha loboti ndi zidutswa zotsala. Anthu amenewa apempheni mwaulemu, muwaitane adzaone zomwe mwapanga, ndipo chomwe apereka chilembedwe m'buku ndi dzina lawo, monga mmene mungalembere munthu wopereka ndalama.

Tsopano ndalamayo ichokera kuti? Ndiyambe ndi nthawi yopempha, chifukwa pamenepa ambiri timalakwitsa. Chuma cha boma lino chili m'munda: mtedza, soya, fodya, chimanga. Munthu wa ku Mchinji amakhala ndi kangachepe m'thumba kuyambira Epulo mpaka cha mu Ogasiti, akakolola n'kugulitsa. Mu Januwale ndi Febuluwale akusaka ufa ndi feteleza wobereketsa. Kalabu yomwe ikuitanitsa msonkhano wosonkhetsa ndalama mu Febuluwale ikuchititsa manyazi makolo omwe akadapereka mokondwa mu Juni. Ndiye bajeti ya chaka cha sukulu chomwe chimayamba mu Seputembala ilembedwe msanga, kuti kupempha kuchitike nthawi yokolola. Ndipo lolani kholo kupereka chomwe lili nacho. Ndowa ya mtedza ndi ndalama. Mbale ya soya ndi ndalama. Muyeze pa sikelo anthu akuona, mulembe dzina ndi makilogalamu. Mukafuna kusunga kuti mudzagulitse mitengo ikakwera, mtedzawo uume bwino ndipo usagone pansi, chifukwa ukachita chuku palibe wogula wabwino adzaufune. Alimi a bungwe la MASFA muno mu Mchinji adafika pogulitsa mtedza wawo kunja kwa dziko chifukwa chogwirizana, kusamala za chuku ndi kusunga mabuku. Nzeru zimenezo zili m'midzi mwathu momwemuno, ndipo ena mwa makolo muli pano mukuzidziwa kuposa ine.

Za kusonkhetsa kwa makolo ndili ndi chenjezo limodzi, ndipo ndilinena molimba. Chopereka chisasanduke fizi yolowera mu kalabu. Mukanena kuti mwana aliyense wa m'kalabu abweretse ndalama yakuti, mwatseka chitseko kwa mwana wamasiye, kwa mwana yemwe amayenda wapansi mtunda wautali kupita ku sukulu yoyendera, kwa mwana wa mtundu wa Kamkwamba uja amene adalephera ngakhale fizi. Kalabu idzadzaza ndi ana a anthu a malipiro okhaokha. Apereke ndi mudzi wonse, alowe ndi mwana aliyense wofuna.

Njira zosonkhetsera timazidziwa kale, matchalitchi ndi mizikiti yathu adatiphunzitsa: ulendo wa ndawala, perekaniperekani, mpira wolipiritsa pakhomo. Zonsezi n'zabwino, bola muwerengere kaye zomwe mwambowo udye. Si zachilendo kuti ndalama yobwereka zimkuzamawu, jenereta ndi chakudya cha alendo olemekezeka ipose yomwe yatoleredwa. Koma njira yomwe ine ndimaikhulupirira kuposa zonse ndi kuonetsa ntchito. Pangani chinthu chomwe mlimi wa kuno angachimvetse: kachipangizo koyeza chinyezi cha dothi n'kuyatsa pampu ya sola kudimba, kapena koliza belu kutentha kukapitirira muyeso m'khola la anapiye. Mukachinyamula tsiku la msika n'kukachiika pa tebulo, mtsikana wa Fomu 2 n'kumafotokoza yekha mmene chimagwirira ntchito, wogulitsa zipangizo zaulimi amene akadataya kalata yanu adzaima n'kufunsa mafunso. Pitaninso ku wailesi yathu ya Mudziwathu, ana akalankhule okha.

Polembera makampani, mabanki, a khonsolo kapena phungu wa dera lanu, kalata ikhale yaifupi ndipo itchule zinthu. Kalata yonena kuti tithandizeni ndi chilichonse chomwe mungathe imathera m'kabati. Kalata yonena kuti tikufuna mamota anayi ndi mabatire awiri, mtengo wake ndi uwu, tidafunsa pa sitolo ziwiri, imapatsa munthu chinthu choti avomere kapena akane. Ena sadzafuna kupereka ndalama m'manja, adzafuna kugula okha katunduyo. Alandireni ndi manja awiri, akuchepetserani ntchito. Ndipo amene wapereka, ngakhale zochepa, alandire kalata yothokoza yolembedwa ndi mwana, pamodzi ndi chithunzi cha chomwe ndalama yake yagula. Chimodzimodzi abale athu omwe ali ku Johannesburg, ku Lusaka ndi kwina, komanso omwe adaphunzira pa sukulu yanu kale omwe amakumana pa magulu a WhatsApp. Anthu amenewa adapwetekedwapo nthawi zambiri: amatumiza ndalama yomangira nyumba, pobwera n'kupeza maziko okha. Adzapereka kachiwiri pokhapokha mutawaonetsa za koyamba.

Ndafika tsono pa kasungidwe, pomwe pagona nkhani yanga. Amayi a banki m'khonde, inu ndinu aphunzitsi athu pano. Bokosi lanu limakhala ndi maloko atatu, makiyi ali ndi anthu atatu osiyana, wosunga bokosi alibe kiyi, ndipo silitsegulidwa pokhapokha gulu lonse litakhala pansi. Ndalama imawerengedwa mokweza. Dongosolo limeneli lasunga chuma cha amayi omwe ena sadapite patali ndi sukulu, pomwe ku Capital Hill mu 2013 anthu a madigiri adasolola ndalama za boma mu nkhani ija ya Cashgate. Kalabu ya maloboti itengere kwa amayiwa. Msungichuma akhale mwana wosankhidwa ndi anzake, wothandizana naye akhale wa kalasi yotsika kuti aziphunzira, ndipo mmodzi mwa awiriwa akhale mtsikana. Iwo alembe buku. Ndalama yeniyeniyo ikhale ku banki kapena m'bokosi lomwe silituluka kanthu popanda anthu atatu: mphunzitsi woyang'anira kalabu, kholo losankhidwa ndi komiti, ndi mphunzitsi wamkulu. Wopempha kuti chinthu chigulidwe asakhale yemweyo wovomereza, ndipo wokagula asakhale yemweyo wolandira katundu n'kumuwerenga.

Ena mwa inu mukudzifunsa ngati mwana wa zaka 15 angasunge buku la ndalama. Ngati tikumukhulupirira kuti alembe pulogalamu yoyendetsa loboti, angalephere bwanji kulemba tsiku, zolowa, zotuluka ndi zotsala? Kope la masamu wamba likwanira. Lisiti iliyonse imatidwe ndi guluu pa tsamba lake. Pomwe palibe lisiti, monga wakabaza kapena mayi wogulitsa pamsika, palembedwe kapepala, wolandira ndalamayo asayine kapena adinde chala, mboni ilipo. Kumapeto kwa mwezi uliwonse, chidule cha bukulo chikhomedwe pa bolodi la zidziwitso, ndipo pa msonkhano wa makolo mwana yemweyo aimirire awerenge. Mwana amene wachita zimenezi kwa chaka chimodzi waphunzira chinthu chomwe mainjiniya ambiri amadzachiphunzira mochedwa, kuti makina aliwonse ali ndi mtengo ndipo wina adautuluka thukuta. Komanso bukuli limateteza mphunzitsi. Aphunzitsi, musalione ngati chizindikiro choti sitikukukhulupirirani. Tsiku lomwe wina adzakunenereni zoipa pa chitsime kapena pa bawo, bukulo ndi lomwe lidzakuyankhireni.

Za Airtel Money ndi TNM Mpamba: n'zothandiza, makamaka kwa otumiza ali kutali, koma nambala ya kalabu isakhale nambala yomwe mphunzitsi amalandirirapo za kunyumba kwake. Ndalama zikasakanikirana, ngakhale mwini wake sadziwanso kuti yake ndi iti. Uthenga uliwonse wa ndalama yolowa ukoperedwe m'buku tsiku lomwelo, ndipo ndalama yomwe amadula potapa ilembedwenso, chifukwa timadulidwe timeneti tikachuluka ndi tomwe timasiyanitsa buku ndi bokosi. Nambala yolandirira ilengezedwe kamodzi, pa pepala lodindidwa chidindo cha sukulu. Tonse tidalandirapo uthenga uja wa akuba woti ndalama ija itumizidwe pa nambala ina. Auzeni othandiza anu kuti nambala ikadzasintha adzamva kwa mphunzitsi wamkulu pakamwa.

Pali mawu amodzi omwe adya ntchito zambiri zachitukuko m'dziko muno: alawansi. Mphunzitsi woperekeza ana ayenera kudya, kugona pabwino ndi kulipiriridwa thiransipoti, ndipo asatulutse za m'thumba mwake. Zimenezo zilembedwe mu bajeti poyera, pa mtengo womwe komiti yagwirizana ulendo usanachitike. Koma ndalama yomwe mayi adagulitsa ndowa ya mtedza kuti mwana agule mota isasanduke ya akuluakulu okhala pa msonkhano. Ndipo pa ulendo uliwonse muwerenge mitu: akuluakulu akachuluka kuposa ana, ulendowo si wa ana.

Maulendowo ndi omwe amakopa mitima, ndipo sindikufuna kukuphwanyirani maloto. Kuyambira mu 2017 pali mpikisano wa FIRST Global, womwe umasonkhanitsa achinyamata a maiko oposa 150, gulu limodzi pa dziko lililonse, onse atapatsidwa zipangizo zofanana. Udayambira ku Washington, ndipo wachitikirapo ku Mexico City, ku Dubai, ku Geneva, ku Singapore ndi ku Athens. Ku Senegal kuli mpikisano wa maloboti wa achinyamata a mu Africa womwe adauyambitsa Sidy Ndao. N'zotheka mwana wa ku Mchinji kukafikako. Koma dziwani kuti ulendo wotero uli ndi mapasipoti, maviza ndi matikiti a ndege omwe mitengo yake imatsata dola. Mu 2017, atsikana a ku Afghanistan ndi gulu la ku Gambia adakanizidwa kaye maviza a ku America, mpaka nkhaniyo itamveka padziko lonse ndi pomwe adawalola. Ndalama yofunsira viza siibwezedwa munthu akakanizidwa. Choncho thumba la ulendo likhale lapadera, losiyana ndi thumba la zipangizo, ndipo lisabwereke kwa linzake. Tikiti imodzi ya ndege ingagule zipangizo zophunzirira ana ambiri kwa zaka zingapo, ndipo komiti iyenera kuyang'ana masamu amenewo ndi maso awiri isanasankhe.

Pafupi pompano pali malo oyambira. Ku Kamuzu Academy ku Mtunthama kumachitika chionetsero cha sayansi cha sukulu za m'dziko muno. Ku Lilongwe kuli mHub, yomwe adaiyambitsa Rachel Sibande, komwe achinyamata amaphunzira za makompyuta. Ku Kasungu boma ndi UNICEF adatsegula malo oyeserera tindege topanda woyendetsa mu 2017, ndipo mu 2020 ku Lilongwe kudatsegulidwa African Drone and Data Academy, yomwe imagwira ntchito ndi yunivesite ya MUST ya ku Thyolo. Ambiri mwa malo amenewa mungawafikire pa minibasi. Ngakhale kuyenderana pakati pa sukulu za muno, ana a ku Magawa kukaonetsana ntchito ndi a ku Ludzi, kapena kuitana anzathu a ku Chipata, n'kotsika mtengo ndipo kumanola ana.

Chotsala ndi nthawi yosiyirana. Chaka chilichonse a Fomu 4 amalemba mayeso n'kuchoka, ndipo aphunzitsi amasamutsidwa. Teremu yachitatu isanathe, mayeso asanayambe, kalabu ikhale pansi ndi kholo la mu komiti. Kabati itsegulidwe, chipangizo chilichonse chiwerengedwe ndi kufananizidwa ndi kaundula: chamoyo, chakufa, chosowa. Chomwe mwana adabwereka kupita nacho kunyumba chibwerere. Ndalama ya m'bokosi, ya ku banki ndi ya pafoni ifanane ndi ya m'buku. Ngati pali kusiyana, kulembedwe mmene kulili, kufufuzidwe sabata yomweyo anthu ake akadalipo. Maina ndi manambala a onse omwe adathandizapo, manambala achinsinsi a laputopu, ndi makalata omwe sadayankhidwe, zonse ziperekedwe kwa msungichuma watsopano, ndipo wakale ndi watsopano asayine pa tsamba limodzi.